Kubisa mafoda a home pa seva: mafunso ndi mayankho posankha njira

Mafunso awa amabwera kawirikawiri kwa anthu amene akuyang'anira seva ya Linux yokhala ndi anthu angapo, aliyense ndi foda yake pansi pa /home. Njira zobisira deta zilipo zambiri, ndipo pafupifupi zonse zimagwiritsa ntchito njira imodzi yamasamu yotchedwa AES, choncho kulimba kwa masamu si kumene kumazisiyanitsa. Zimasiyana pa zinthu zina: kiyi akusunga ndani, foda imatseguka liti, ndipo chimachitika n'chiyani mwini foda akakhala kuti sanalowe.

Ndiyambire pati?

Musayambe ndi dzina la pulogalamu. Yambani ndi kudzifunsa kuti amene mukumuopa ndani kwenikweni, chifukwa yankho lake ndi limene likusankhireni njira.

Ngati mukuopa wakuba amene anganyamule seva yonse, kapena disiki yowonongeka imene mukuyenera kubweza kwa ogulitsa ili ndi deta ya anthu, ndiye kuti kubisa disiki yonse ndi LUKS, njira ya Linux yobisira disiki, kukukwanirani. Ngati nkhawa yanu ndi yakuti wogwiritsa ntchito wina asasuzumire mu foda ya mnzake, encryption, kutanthauza kubisa deta ndi kiyi, si mankhwala ake. Zimenezo zimatheka ndi ma permission wamba: chmod 700 pa foda ya aliyense, kuti mwini wake yekha azilowamo. Kwa zaka zambiri Ubuntu inkapanga mafoda a home oti aliyense pa makinawo angathe kuwerenga, mpaka inasintha n'kuika 750 mu 21.04, ndiye pa seva yakale onani kaye zimenezi musanaganize za china chilichonse. Koma ngati amene mukumuopa ndi admin mwiniwake, kapena munthu amene wathyola n'kukhala root (akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa makina) kudzera pa netiweki, werengani bwino funso lotsatirali.

Kodi encryption ingaletse root kuwerenga mafayilo a anthu?

Ayi, osati mokwanira, ndipo ndi bwino kuwauza anthu anu zimenezi poyera m'malo mowalonjeza zimene simungakwanitse.

Foda ikatseguka, kiyi wake amakhala mu RAM ya seva, ndipo root amawerenga mafayilowo ngati mafayilo ena onse. Foda ikakhala yokhoma, n'zoona kuti root sangawerenge nthawi imeneyo. Koma root ndi amene amalamulira PAM (imene imatsimikizira anthu polowa), sshd (imene imalandira olowa ali kutali kudzera pa SSH) ndi kernel. Akafuna akhoza kusintha pulogalamu yolowera kuti isunge pasiwedi ya munthu tsiku limene adzalowenso, ndipo mwini wake sangadziwe.

Izi sizikutanthauza kuti kiyi wa munthu aliyense payekha n'ngopanda ntchito. Amateteza admin wachilungamo kuti asaone mwangozi zimene sizikumukhudza, monga pamene akufufuza chimene chadzaza disiki. Amathandizanso ngati wothyola walowa kwa kanthawi kochepa, n'kukopera zimene wapeza n'kuthawa: deta ya anthu amene sanalowe tsiku limenelo imapulumuka. Phindu ndi limenelo, ndipo ndi lenileni, kungoti lili ndi malire.

Munthu amene ali ndi zinthu zoti admin asadzaone zivute zitani, azibise pa kompyuta yake asanazitumize, pogwiritsa ntchito GnuPG, age kapena Cryptomator, kuti kiyi asafike n'komwe pa seva.

N'chifukwa chiyani LUKS imatchulidwa poyamba nthawi zonse?

Chifukwa imabisa zonse nthawi imodzi ndipo sisokoneza china chilichonse. LUKS, imene Clemens Fruhwirth anayambitsa mu 2004, imagwira ntchito pamodzi ndi dm-crypt pansi pa filesystem. Chilichonse cholembedwa pa partition chimabisika: zam'kati mwa mafayilo, mayina awo, kukula kwawo, nthawi imene anasinthidwa, ngakhale kuchuluka kwawo. Pamwamba pake mukhoza kuika ext4, XFS, Btrfs kapena LVM, ndipo mapulogalamu sadziwa n'komwe kuti pansi pali encryption.

LUKS2, imene cryptsetup yamakono imapanga mukapanda kusankha china, imalola mapasiwedi kapena makiyi otsegulira mpaka 32 pa disiki imodzi, pamene LUKS1 inkalola 8. Imagwiritsanso ntchito Argon2 posandutsa pasiwedi kukhala kiyi. Argon2 imadya memory yambiri mwadala, kuti wofuna kuyesa mapasiwedi mamiliyoni pa makadi a GPU avutike.

Chofooka chake n'chodziwikiratu. Kiyi weniweni ndi mmodzi wa disiki yonse, ndipo seva ikayaka disikiyo imakhala yotseguka mpaka idzazime. Seva zambiri zimatha miyezi osazima. Ndiye LUKS imateteza makina ozima ndi disiki yozulidwa, basi. Komabe kwa ine ndi maziko amene sindingawadumphe, ngakhale mutadzawonjezera njira ina pamwamba, chifukwa zinsinsi za anthu sizikhala mu /home mokha.

Seva ili kutali. Ikazima n'kuyakanso, alembe pasiwedi ndani?

Apa ndi pamene ambiri amagwera ulesi n'kuika fayilo ya kiyi pa /boot, pafupi ndi disiki imene akuti akuiteteza. Kumeneko kuli ngati kukhoma chitseko n'kusiya kiyi ali pa loko. Pali njira zabwinopo.

Pa Debian ndi Ubuntu pali dropbear-initramfs, imene imayatsa ka SSH kakang'ono makina asanamalize kuyaka. Mumalowa muli kutali, n'kulemba pasiwedi, seva n'kupitiriza. Ndi yosavuta, koma imafuna munthu akhale maso nthawi iliyonse magetsi akabwerera. Dziwaninso kuti host key ya dropbear imakhala pa /boot posabisika, choncho amene wagwira makinawo ndi manja akhoza kuikopera n'kunamizira kukhala seva yanu.

Njira yachiwiri ndi Clevis ndi Tang, imene Red Hat imalimbikitsa. Tang imakhala pa makina ena m'netiweki yanu. Seva ikamayaka, Clevis imalankhula ndi Tang n'kupanganso kiyi, ndipo Tang payokha sisunga kiyi wa disiki yanu. Seva ikabedwa n'kupita kumene Tang sikupezeka, sitseguka. Kwa amene ali ndi maseva angapo m'nyumba imodzi, iyi ndi imene ndimaikonda, bola makina a Tang asakhale pa shelefu yomweyo kuti onse adzanyamulidwe pamodzi.

Yachitatu ndi TPM 2.0, kachipangizo koteteza makiyi ka m'kati mwa makina, kudzera mu systemd-cryptenroll, imene inabwera ndi systemd 248 mu 2021. TPM imapereka kiyi pokhapokha ngati makina ayaka m'njira imene inayembekezeka. Imateteza bwino disiki ikazulidwa yokha. Koma wakuba akatenga makina onse, seva imayaka n'kudzitsegula yokha, ndipo chotsala pakati pa iye ndi deta ndi pasiwedi yolowera basi. Mukhoza kuwonjezera PIN, koma mukatero mwabwereranso pofuna munthu woilemba.

Ndikufuna aliyense akhale ndi kiyi wake. Nditenge iti?

Ngati /home yanu ili pa ext4, yambani kuyang'ana fscrypt. Encryption imeneyi ili m'kati mwa filesystem mwenimweni. Inalowa mu ext4 ndi Linux 4.1 mu 2015, ilinso mu F2FS, ndipo ndi imene mafoni a Android amagwiritsa ntchito pobisa mafayilo, choncho yayesedwa pa makina ambiri kwabasi. Mumaiyatsa ndi tune2fs -O encrypt, kenako foda iliyonse imapatsidwa kiyi wake. Pulogalamu ya fscrypt imabwera ndi pam_fscrypt, imene imatsegula foda munthu akalowa ndi pasiwedi yake. Onetsetsani kuti mukugwiritsa ntchito policy ya v2, imene inabwera ndi Linux 5.4. Ya v1 inali ndi mavuto pa kasungidwe ndi kachotsedwe ka makiyi.

Ubwino wake pa seva ya anthu ambiri ndi wakuti simugawiratu malo. Onse amagawana filesystem imodzi, ndipo quota imagwira ntchito monga kale. Koma pali zimene muyenera kudziwa musanayambe. fscrypt imabisa zam'kati ndi mayina a mafayilo, koma sibisa kukula kwawo, nthawi zawo, ma permission, kapena kuchuluka kwawo. Imaikidwa pa foda yopanda kanthu yokha. Foda ikatseguka, amene amaletsa ena kuwerenga ndi ma permission wamba aja, osati kiyi. Ndipo munthu akatuluka koma pulogalamu yake ina idakatsegulabe mafayilo, monga tmux imene waisiya ikuyenda, fodayo sikhomeka kwathunthu. XFS ilibe fscrypt.

Njira ina ndi kupatsa aliyense LUKS yakeyake, pa logical volume kapena m'fayilo yaikulu, n'kumaitsegula ndi pam_mount. Imabisa zambiri kuposa fscrypt, popeza ngakhale kuchuluka kwa mafayilo sikuoneka. Mtengo wake ndi wakuti muyenera kuneneratu kukula kwa malo a aliyense, ndipo wina akadzaza mumakulitsa pamanja. Kwa anthu asanu n'zotheka. Kwa anthu 200 ndi ntchito yotopetsa.

Nanga eCryptfs? Malangizo ambiri pa intaneti amatchula imeneyo.

Amaitchula chifukwa Ubuntu inaigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri pa bokosi lija losankha kubisa foda ya home poika makina. eCryptfs inalowa mu kernel mu 2006, ndipo imakhala pamwamba pa filesystem ina, n'kumasunga mafayilo obisika mu .Private. Ubuntu inaichotsa mu installer yake mu 18.04, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yoisamalira yachepa kwambiri. Ndi yochedwa pa mafoda okhala ndi timafayilo tambirimbiri, komanso mukabisa mayina, dzina la fayilo silingapitirire zilembo 143, chinthu chimene chimasokoneza mapulogalamu ena mosayembekezereka. Ngati muli nayo kale ndipo ikuyenda, konzani zosamuka modekha. Pa seva yatsopano musaiyike.

EncFS nayonso isiyeni. Kafukufuku wa chitetezo chake amene Taylor Hornby anachita mu 2014 anaonetsa kuti imafooka ngati mdani angaone fayilo yobisika yomweyo kangapo pamene ikusinthidwa. Ngati mukufunadi njira yoyenda pa FUSE (imene imalola filesystem kuyenda ngati pulogalamu wamba), gocryptfs ndi yabwinopo. Imagwiritsa ntchito AES-GCM, imene imazindikira fayilo ikasinthidwa mwachinyengo, ndipo munthu wamba akhoza kuiyendetsa popanda root. Ine ndimaiona yoyenera foda imodzi yachinsinsi m'kati mwa home, osati home yonse.

Ndili pa ZFS. Ndisinthe?

Ayi. OpenZFS ili ndi encryption yakeyake kuyambira 0.8.0 mu 2019. Pangani dataset (gawo lapadera losungiramo mafayilo mu ZFS) ya munthu aliyense, iliyonse ndi kiyi wake, ndipo pam_zfs_key ikhoza kuitsegula polowa. Chimene ZFS imaposa nacho zina ndi zfs send -w, imene imatumiza deta ku makina a backup idakali yobisika, popanda kiyi kufunika mbali iliyonse. Scrub, imene imafufuza ngati deta yawonongeka, nayonso imayenda dataset ili yokhoma. Mayina a ma dataset ndi ma snapshot sabisika, ndiye musalembemo zinsinsi. Yesani kubwezeretsa kuchokera ku zimene mwatumizazo musanazidalire. Koma ngati simuli pa ZFS, sindingakulangizeni kusamukirako chifukwa cha encryption yokha.

systemd-homed ingathandize?

Inabwera ndi systemd 245 mu 2020. Imasunga home ya munthu m'fayilo imodzi ya LUKS, kapena pa fscrypt, pamodzi ndi mbiri ya akaunti yake, ndipo mumailamulira ndi homectl. Inapangidwa poganizira laputopu, pamene munthu mmodzi amakhala patsogolo pa makina n'kulemba pasiwedi. Pa seva imene anthu amalowa ndi SSH ndipo maakaunti amachokera ku LDAP (kaundula wa maakaunti wa pa netiweki), imafuna kukonza zambiri. Iyeseni pa makina oyesera kaye.

Anthu anga amalowa ndi SSH key. Zigwirizana?

Funso ili ndi limene limagwetsa mapulani ambiri, ndipo mavuto ake ndi awiri osiyana.

Loyamba: sshd imafufuza ~/.ssh/authorized_keys, koma fayiloyo ili m'foda yokhoma, ndiye munthu amakanidwa. Ili n'losavuta. Mu sshd_config lembani AuthorizedKeysFile /etc/ssh/authorized_keys/%u kuti makiyi azikhala kunja kwa home.

Lachiwiri ndi lalikulu. Munthu akalowa ndi key, seva silandira pasiwedi iliyonse, ndipo PAM imakhala ilibe chotsegulira foda. Munthuyo walowa, koma akupeza home yokhoma. Palibe njira yozembera apa, chifukwa chinsinsi chiyenera kuchokera kwa mwini wake. Mwina mufune zonse ziwiri, key ndi pasiwedi, kudzera mu AuthenticationMethods, kapena munthu azitsegula yekha akalowa ndi fscrypt unlock. Zonsezi zimasokoneza rsync, scp, git ndi mapulogalamu ena oyenda okha usiku popanda munthu. Ngati ntchito yaikulu ya seva yanu ndi imeneyo, kiyi wa aliyense payekha sakuyenerani, ndipo si kulephera kungokhala pa LUKS.

Nanga cron, maimelo ndi mawebusayiti a anthu?

Vuto ndi lomwelo. Cron ya munthu, ntchito imene anaikonza kuti iziyenda yokha pa nthawi yake, imayenda 2 koloko usiku mwini wake ali mtulo, n'kupeza script yake ili yokhoma. Imelo yopita ku ~/Maildir imalephera kulembedwa. Tsamba la mu ~/public_html silioneka. Samba ndi NFS nazonso zimafuna foda yotseguka.

Ena amathetsa izi posiya mafoda onse otseguka nthawi zonse, kapena posunga makiyi onse pa seva pomwepo. Mukafika pamenepo mwabwerera pa chitetezo cha LUKS, koma ndi ntchito yowirikiza. Njira yanzeru ndi kugawa: zinthu zofunika kupezeka usana ndi usiku zikhale pa /srv kapena /var pansi pa LUKS, ndipo aliyense akhale ndi foda imodzi yokhoma ya zinthu zake zachinsinsi, imene amaitsegula akafuna.

Munthu akaiwala pasiwedi?

Pa LUKS ya disiki yonse palibe vuto, root amangomupatsa ina. Pa kiyi wa aliyense payekha nkhani ndi ina. Kiyi wa foda amakulungidwa ndi pasiwedi ya munthuyo. Iye akasintha yekha ndi passwd, PAM imaona yakale ndi yatsopano, n'kukulunganso kiyi. Koma root akasintha mokakamiza, yakale palibe, ndiye munthu amalowa koma foda imakhalabe ikudikira pasiwedi yoiwalika ija. Zimachitikanso chimodzimodzi pasiwedi ikasinthidwa ku LDAP kapena Active Directory popanda kudutsa pa sevayo.

Choncho pafunika kiyi wachiwiri wopulumukira. fscrypt imalola kuwonjezera protector wina, ndipo LUKS ili ndi malo a makiyi ambiri aja. Funso lovuta ndi lakuti asunge ndani. Akasunga admin, akhoza kutsegula mafoda onse. Akasunga mwini wake, tsiku lina wina adzataya, ndipo deta yake idzapita osabwerera. Ganizirani za wantchito amene wasiya ntchito mwadzidzidzi kapena wamwalira, mafayilo a bungwe ali m'foda yake. Gwirizanani nkhani imeneyi ndi anthu anu, muilembe, foda yoyamba isanakhomedwe.

Backup iziyenda bwanji?

Backup yosabisika imafafaniza ntchito yonse imene mwagwira. BorgBackup ndi restic zimabisa deta zisanaitumize, ndiye pa seva ya LUKS yokha zimakwanira. Pa fscrypt, foda yokhoma siingakoperedwe m'njira yoti mudzaibwezeretse, choncho backup iyenera kuchitika ili yotseguka. Pa gocryptfs mumakopera foda yobisikayo mmene ilili, osaiwala gocryptfs.conf.

Sunganinso zinthu zazing'ono zimene makiyi amadalira. Header ya LUKS, kagawo kosunga makiyi a disiki, ikawonongeka, disiki yonse yatayika ngakhale pasiwedi mukuidziwa, ndiye chitani cryptsetup luksHeaderBackup n'kusunga fayiloyo kwina. Kumbukirani kuti header yakale imatsegukabe ndi mapasiwedi akale, ngakhale amene munawachotsa pa disiki. Pa fscrypt, foda ya .fscrypt imene ili pa mutu wa filesystem ndi yofunika chimodzimodzi.

Pali deta imene imatayikira kunja kwa home?

Yambiri. Swap, malo a pa disiki othandizira RAM ikadzaza, ikhoza kusunga chilichonse chimene chinali mu RAM. Mapulogalamu amalemba mu /tmp ndi /var/tmp. Maimelo ena amakhala mu /var/mail, ma crontab mu /var/spool, ndipo database ya locate ikhoza kulemba mayina a mafayilo pamene foda inali yotseguka. Ma log ndi ma core dump nawonso amaulula zambiri. Swap mukhoza kuibisa ndi kiyi watsopano wochokera ku /dev/urandom nthawi iliyonse makina akayaka, kudzera mu /etc/crypttab, popeza seva sichita hibernate. Zotsalazo ndi chifukwa chake ndikulimbikira kuti LUKS ikhale pansi pa zonse.

Seva ichedwa?

Pa makina amakono, pang'ono. Mapurosesa a Intel ndi AMD akhala ndi AES-NI, malangizo ofulumizitsa AES, kwa zaka zoposa khumi. Yendetsani cryptsetup benchmark muone nokha. Kusiyana kumaonekera kwambiri pa ma NVMe othamanga zedi. Pa makina opanda malangizo a AES, monga Raspberry Pi 4, sankhani Adiantum, imene inalowa mu Linux 5.0. Njira za FUSE ndi eCryptfs ndi zimene zimachedwa mooneka. Kuika fscrypt pamwamba pa LUKS kumabisa deta kawiri, koma pa mafoda a home wamba anthu sazindikira.

Seva yanga ndi VPS, seva yobwereka yoyenda pa makina a kampani ina. Pali phindu?

Lilipo koma lochepa. Kampani yosunga makinawo imalamulira hypervisor (pulogalamu yoyendetsa ma VPS onse pa makinawo), ndipo mwaukadaulo ikhoza kuwerenga RAM ya VPS yanu pamodzi ndi makiyi. Chimene mwateteza ndi ma snapshot a disiki, ndi madisiki akale akamatayidwa kapena kupatsidwa kasitomala wina.

Seva ili kale ndi deta ya anthu. Ndisamuke bwanji?

Yambani ndi backup imene mwaiyesa kubwezeretsa. cryptsetup reencrypt ikhoza kubisa partition imene ili kale ndi deta, koma muyenera kuchepetsa filesystem kaye kuti header ipeze malo, ndipo pa disiki yaikulu zimatenga maola. Pa fscrypt mumapanga foda yatsopano yopanda kanthu, kuyatsa encryption pa fodayo, kukoperamo mafayilo ili yotseguka ndi cp -a kapena rsync mwini wake atatuluka, kenako n'kusintha mayina a mafoda.

Chimene ambiri amaiwala ndi deta yakale. Kufufuta fayilo sikuichotsa pa disiki, ndipo pa SSD ngakhale shred siyodalirika, chifukwa SSD imalemba pa malo atsopano n'kusiya akale osafikirika kwa inu. Ngati n'kotheka, tengani disiki ina, ikani LUKS isanalandire fayilo ngakhale imodzi, koperani zonse, ndipo yakaleyo muipukute ndi secure erase ya disikiyo kapena nvme format. Musanalole anthu kubwerera, zimitsani seva kwathunthu n'kuiyatsanso muli pafupi nayo, kuti muone ngati njira yanu yotsegulira ikugwiradi ntchito, kenako yesani kulowa ndi akaunti wamba kudzera pa SSH.